Kuchezera usiku wonse, kukambirana pagulu, kapena kudzifunsa wekha?

Ndili yaro, m'chaka choyamba ku yunivesite, ndinali katswiri wochezera. Mayeso akayandikira ndinkaphika tiyi wakuda bii, mapazi n'kuviika m'beseni la madzi ozizira kuti tulo tisandigwire, buku m'manja mpaka tambala kulira. Ndisaname, njirayi imathandizako. Mayeso aang'ono a pakati pa semesita ndinkakhoza, chifukwa zomwe wawerenga 3 koloko m'bandakucha zimakhala zikadali m'mutu ikamakwana 8 koloko. Tsoka linandipeza kumapeto, pomwe maphunziro asanu ndi limodzi anafuna kulembedwa m'masabata awiri. Tsiku lachitatu ndinayang'ana funso lomwe ndinali nditaliwerenga usiku womwewo, ndikukumbukira tsamba lake ndi pomwe ndinadula mzere wofiira, koma mawu ake osabwera. Ndinabwerera kudzalemba sapu, mayeso obwereza a olephera, anzanga ali kumudzi akudya mondokwa.

Chomwe ochezerafe timaiwala n'chakuti ubongo umasunga bwino zomwe waphunzira munthu ali m'tulo, ndipo wamkulu amafunika maola 7 kapena kuposerapo. Khofi nayenso sachoka msanga m'thupi: pakatha maola pafupifupi 5, theka la mphamvu yake limakhala likadalimo. Mukamwa 10 koloko usiku, musadabwe kuti 3 koloko maso ali gwa pomwe mutu watopa kalekale. Onjezani mtima kugunda, kupsa mtima ndi zazing'ono, ndi chimfine chomwe chimakonda kubwera sabata ya mayeso.

Zokambirana pagulu ndizikonda, koma ndi malire. Gulu la anthu atatu kapena anayi, aliyense atawerenga kale payekha, limavumbula pomwe sunamvetse. Yesani kufotokozera mnzanu mfundo yomwe mukuti mukuidziwa, mumva nokha lilime likupunthwa. Gulu la anthu khumi ndi msonkhano chabe: mmodzi akuphunzitsa, awiri ali pa WhatsApp, otsalawo akukangana za Bullets ndi Wanderers. Ndipo wolankhula molimba mtima akalakwitsa, nonse mumakalemba cholakwika chomwecho.

Koma gulu lili ndi phindu lomwe njira zinazi zilibe. Kaya muli ku Zomba, ku Bunda, ku Mzuzu kapena ku Thyolo, ambiri amakhala m'nyumba za lendi kunja kwa sukulu, ndipo ndalama yodyera ikatha pakati pa mwezi munthu amangodzitsekera m'chipinda. Gulu ndi lomwe limazindikira kuti uje sanabwere kawiri konse, n'kupita kukagogoda ndi bonya m'jumbo. Mukaona mnzanu wasiya kudya, sakugona, kapena akulankhula zotaya moyo, musangoti "limba mtima, aise". Mperekezeni ku ofesi yoona za ophunzira kapena kuchipatala.

Njira yomwe ndinakhazikika nayo ndi yodzifunsa ndekha, pang'onopang'ono, kuyambira sabata yachiwiri ya semesita. Umatseka buku, n'kulemba papepala zonse zomwe ukukumbukira, kenako n'kutsegula kuti uone zomwe wasiya. Imawawa, chifukwa imakuonetsa umbuli wako poyera, pomwe kubwereza kuwerenga kumakunyengerera kuti zonse zalowa. Mu 2006 Henry Roediger ndi Jeffrey Karpicke a ku Washington University ku St. Louis anayesa zimenezi pa ophunzira. Ena anabwereza kuwerenga nkhani, ena analemba zomwe akukumbukira osayang'ana. Atawayesa patangotha mphindi 5, obwereza aja anapambana. Patatha sabata, odzifunsa aja ndi omwe anakumbukira zambiri. Ndiye kuchezera sikunama ayi, kungoti kumakupatsa za mawa lokha.

Za kutalikitsa nthawi pobwereza phunziro n'zakale kwambiri. Hermann Ebbinghaus wa ku Germany anaonetsa mu 1885 kuti timaiwala kwambiri m'maola oyambirira, kenako kuiwalako kumachepa liwiro. N'chifukwa chake ndi bwino kubwerera ku phunziro mawa lake, kenako patatha masiku atatu, kenako sabata, kusiyana ndi kuliunjikira usiku umodzi. Amene ali ndi foni ya Android angathe kuika pulogalamu ya AnkiDroid, yomwe ndi yaulere ndipo imakusankhira yokha mafunso oti ubwereze lero, ngakhale bandulo itatha. Ine ndinkangodula timapepala, funso kutsogolo yankho kuseri, n'kumanga ndi labala. Magetsi akazima timapepala sitifuna kutchaja, ndipo mu minibasi timawerengeka bwinobwino.

Timapepalati tili ndi polekezera. Timathandiza pa matanthauzo a mawu, mayina a mafupa, zaka ndi malamulo, koma masamu ndi mafunso ofuna kulemba masamba atatu amafuna mapepala a mayeso akale, wotchi ili patebulo. Ndipo ngati mwadzidzimuka mayeso atatsala masiku awiri, njirayi siingakupulumutseni yonse. Zikatero sankhani mitu itatu yomwe imabwerabwera m'mapepala akale, dzifunseni pa imeneyo, kumanani ndi anzanu awiri madzulo kwa ola limodzi, 11 koloko ikakwana zimitsani nyali. Beseni lija lisiyireni zochapa.