Regulator ya madzi pa kalavani yathu, patatha miyezi 14

Timakhala ku South Bend, m'chigawo cha Indiana, ndipo ku Elkhart, kumene amapanga makalavani (nyumba zoyenda pamagudumu) ambiri a kuno ku America, sikutenga ngakhale ola limodzi pagalimoto. Choncho kupeza kalavani yogwirapo kale ntchito sikuvuta. Amene anatigulitsa yathu anatisiyira ka regulator kamkuwa (kachipangizo kochepetsa mphamvu ya madzi olowa m'kalavani), kotalika ngati chala, kopanda geji yoonetsa mphamvuyo, kotcheredweratu kufakitale pakati pa 40 ndi 50 psi (muyeso wa mphamvu ya madzi m'paipi). Mapaipi kankawateteza ndithu, koma njira yake yamkati ndi yopapatiza. Mayi a kunyumba akamasamba, mwana n'kutsegula mpopi wa kukhitchini, shawa inkangodontha. Titayenda maulendo atatu ndinagula regulator yotheka kusintha, yokhala ndi geji, ndipo ndi imene ndikuikamba pano.

Kwa amene simunakhalepo ndi kalavani, vuto lake ndi ili. Mpopi wa pamsasa uliwonse wa makalavani uli ndi mphamvu yakeyake, ndipo pena imadutsa 100 psi. Mkati mwa kalavani muli mapaipi apulasitiki otchedwa PEX olumikizidwa ndi tizigwinjiri tapulasitiki, ndipo malangizo ofala ndi akuti musapitirire 60 psi. Paipiyo payokha imapirira. Zimene zimayamba kugonja ndi molumikizira ndi valavu ya chimbudzi, ndipo zambiri mwa izi zili kuseri kwa matabwa. Madzi amatha kudontha milungu ingapo inu osadziwa, mpaka pansi patayamba kufewa. Zimenezi n'zimene ndimaziopa kuposa shawa yofooka.

Pogula ndinayang'ana zinthu zitatu basi: mkuwa wolembedwa kuti ulibe mtovu, chifukwa madziwo timamwa, mazinga a mainchesi 3/4 ogwirizana ndi hosi wamba wa kuno, ndi geji yodzazidwa mafuta kuti muvi usamanjenjemere. Makampani monga Valterra, Camco ndi Renator onse amagulitsa zoterezi.

Kutchera ndiye kumene ndinaphunzira zambiri. Pamwamba pali sikuluwu. Mukaipotoza kumanja mphamvu imakwera, kumanzere imatsika. Koma mukamatsitsa mipopi yonse ili yotseka, muvi susuntha, chifukwa madzi otsekeredwa m'paipi alibe kothawira. Tsiku loyamba ndinapotoza kangapo ndikuganiza kuti ndagula chinthu chowonongeka. Muyenera kutsegula mpopi umodzi pang'ono, kenako n'kutseka, ndiye muwerenge. Yanga ndinaisiya pa 50 psi madzi ataima, yomwe ndi pafupifupi 3.4 bar kwa inu ozolowera muyeso umenewo. Shawa ikatseguka muvi umatsika pang'ono, ndipo zimenezo si vuto. Kuyambira pamenepo sikuluwuyo ndaikhudzanso kawiri kokha.

Imangeni pampopi wa pamsasa penipeni, hosi ibwere pambuyo pake. Ndimaona anzathu ambiri akuimanga pakhoma la kalavani, ndiye hosi yonse imasenza mphamvu ya msasa tsiku lonse ili padzuwa.

Chimene sindinkayembekezera n'chakuti gejiyo idzakhala yondiuza kumene kuli vuto. Mu Ogasiti, pamsasa wina ku Michigan, madzi anafooka kwambiri. Kale ndikanangoti msasawu madzi ake ndi ochepa. Koma muvi unkaonetsa 50 mipopi ili yotseka, n'kugwa pansi kwambiri ndikangotsegula shawa. Zikatero ndiye kuti mphamvu ilipo koma china chatseka njira. Nditamasula, ndinapeza kasefa kawaya ka polowera madzi katadzaza mchenga ndi dzimbiri. Ndinakatsuka ndi mswachi wakale, madzi n'kubwerera mwakale. Pamsasa wina muvi unaima pa 35 ngakhale mipopi yonse ili yotseka. Pamenepo kupotoza sikuluwu n'kutaya nthawi, pakuti regulator imangochepetsa, siwonjezera. Tinadzaza thanki n'kuyatsa pampu ya m'kalavani.

Zofooka zilipo. Ndi yolemera, ndipo pampopi wopendekeka imafuna kuichirikiza. Kamphira ka polumikizira kanaphwanyika patatha miyezi isanu ndi umodzi, choncho ndimayenda ndi ena m'kabokosi ka zida. Chachikulu ndi chisanu. Chakumapeto kwa Okutobala ndinaisiya panja usiku umene kunazizira mpaka madzi kuuma, ndipo m'mawa muvi unakana kubwerera pa ziro. Madzi akauma amafufuma, ndipo kachubu kopindika ka m'kati mwa geji n'kopyapyala kwambiri. Thupi la regulator silinawonongeke. Ndinamasula geji yokhayo, n'kugula ina, n'kuimanga ndi tepi yoyera ya mapulambala. Nditaiyerekeza ndi geji ya mnansi wanga pampopi wa kunyumba, zinagwirizana.

Ikadzatha ndidzagulanso yamtundu womwewu. Kakang'ono kaja sindinakataye, kali m'kabokosi kudikira tsiku la ngozi. Masiku ano kukangoyamba kuzizira ndimamasula regulator madzulo, kuikhuthula madzi, n'kulowa nayo m'kati.