Ofesi ya thandizo ku khonsolo yathu: ndalama zilipo, koma uzidziwe dzina lake

Kalata ya DWP, dipatimenti ya boma la Britain yoona za ntchito ndi mapenshoni, inandipeza mu June 2024, nditangoweruka ku ntchito ya usiku kunyumba yosamalira okalamba kumene ndagwirako zaka 11. Inkati ma benefit, kapena kuti ndalama zothandizira zimene ndinkalandira ku boma, tax credits ndi Housing Benefit ya lendi, zikutha, ndipo ndili ndi miyezi itatu yoti ndilembetse Universal Credit, thandizo lolowa m'malo mwake. Ndinaiwerenga chiimirire m'khitchini, nsapato zili kuphazi, kenako ndinaiponya pamwamba pa firiji n'kukagona. Inakhala pomwepo milungu isanu.

Zimene ndikulembazi ndi za ofesi ya khonsolo ya tauni yathu kuno kumpoto kwa England, imene amati ntchito yake ndi kuthandiza anthu amene avutika ndi kusintha kwa ma benefit. Ndapitako kanayi, foni ndiye sindiwerenga. Pa nyenyezi zisanu ndikuwapatsa zitatu, ndipo ziwiri mwa zitatuzo ndi za mayi mmodzi amene ndimutchule kutsogoloku.

Universal Credit inabwera ndi lamulo la Welfare Reform Act la 2012. Inamanga ma benefit asanu ndi limodzi m'mtolo umodzi, ndipo amapereka kamodzi pamwezi. Amene amapereka ndi boma lalikulu kudzera ku DWP, osati khonsolo. Mu 2024 ukangolembetsa, tax credits inkaima, Housing Benefit inkapitirira milungu iwiri yokha, ndipo ndalama yoyamba unkaiyembekezera pafupifupi milungu isanu. Amalola kutengako ina msanga, koma imeneyo ndi ngongole, amaidula mwezi ndi mwezi. Ine ndinalembetsa mu August, ndipo September yense tinadya nsima ya nyemba ndi mazira, ine ndi mwana wanga wamkazi wa zaka 15.

Mwezi womwewo mchimwene wake anapeza ntchito ku Manchester n'kusamuka. Ndinasangalala, ndinamugulira mapoto. Sindinaganizeko zoti nyumba yathu ya khonsolo ndi ya zipinda zitatu zogona, ndipo tsopano tatsala awiri. Kuyambira April 2013, ukakhala m'nyumba ya khonsolo kapena ya housing association (bungwe lobwereketsa nyumba zotsika mtengo) ndi chipinda chimodzi chimene boma likuchiona ngati chotsala, amakudula 14 peresenti pa thandizo la lendi, ndipo zikakhala ziwiri kapena kuposa amadula 25. Anthu kuno amangoti bedroom tax. Lendi yanga ndi £120 pa sabata, ndiye £16.80 inangosowa sabata iliyonse, pafupifupi £73 pamwezi. Apo n'kuti ngongole ija ayamba kale kudula.

Ulendo woyamba ku khonsolo ndinangotaya ndalama ya basi. Ndinatenga nambala pakhomo, n'kudikira mphindi 40 pa mipando yapulasitiki. Mtsikana wa padesiki, waulemu ndithu, anandimvetsera kenako anandilozera makompyuta atatu ali pakona, imodzi yozima. Akuti zonse zili pa intaneti. Ndinafunsa kuti zonse ziti, iye anati zitengera chimene ndikufuna. Inetu ndinapita chifukwa sindinkadziwa chimene ndikufuna, ndinkangodziwa kuti ndalama sizikufika kumapeto a mwezi.

Anandimasula ndi mayi wina wa kutchalitchi kwathu amene anadutsamo kale. Tikutsuka makapu titamwa tiyi, anandiuza kuti, "Achemwali, kumeneko musakanene kuti mukuvutika, aliyense akuvutika. Mukanene kuti mwabwera kudzafunsira Discretionary Housing Payment, ndipo mukufuna kuonana ndi mlangizi, osati makina." Anandilembera dzinalo kuseri kwa pepala la nyimbo.

Mlangiziyo amakhala ku laibulale Lachinayi lililonse m'mawa, pa tebulo la pakona pafupi ndi mabuku a ana. Palibe chikwangwani. Ndi mayi wachikulire wa magalasi a chingwe, ndipo amalemba ndi pensulo. Anatenga makalata anga onse amene ndinawathira m'jumbo, n'kuwasanja patebulo milu itatu: a DWP, a lendi, ndi a council tax, msonkho wa nyumba umene timalipira ku khonsolo. Atafika pa mulu wachitatu anaima, nandifunsa tsiku lenileni limene mnyamata uja anachoka. Kenako anati, popeza wotsalayo sanakwane zaka 18, wamkulu m'nyumbamo ndine ndekha, ndipo munthu wotero amachotseredwa 25 peresenti pa council tax. Miyezi iwiri ndinali ndikulipira yonse. Kalata za khonsolo yomweyo zinkabwera zondikumbutsa kulipira, koma palibe inandiuzapo zimenezi poyera.

Anandifotokozeranso chinthu china chimene ndikufuna aliyense achimve. Thandizo la council tax silili m'kati mwa Universal Credit. Mu April 2013 boma linathetsa Council Tax Benefit n'kuuza khonsolo iliyonse ya mu England kuti ipange dongosolo lake la anthu a msinkhu wogwira ntchito. N'chifukwa chake mnzanga wa tauni yoyandikana nafe, malipiro ofanana ndi anga, amalipira mosiyana ndi ine. Ku khonsolo yathu, ukasamukira ku Universal Credit uyenera kulembanso fomu ina. Tinailemba pomwepo, iye akuwerenga mafunso ine ndikuyankha. Zinatenga mphindi 25, ndipo sanayang'ane wotchi ngakhale kamodzi, ngakhale kumbuyo kwanga kunali anthu anayi.

Discretionary Housing Payment ndiyo inandipweteka mtima. Inali ndalama imene khonsolo inkawonjezera kwa amene thandizo la lendi silikuwakwanira, koma sinali ufulu wako: ankaona okha, ndipo inali ya kanthawi. Ankafuna mapepala a ku banki a miyezi iwiri ndi mndandanda wa chilichonse chimene umagula. Patatha milungu itatu anandiimbira bambo wina amene sindinamuonepo, ali ndi mapepala anga patsogolo pake, akutsika mzere ndi mzere. Anafika pa £60 imene imachoka mwezi uliwonse. Ndinati imapita kwa amayi anga ku Dedza, mankhwala a BP ndi zina za pakhomo. Anakhala chete pang'ono, ndikumva akugogoda kiyibodi, kenako anati imeneyo aiika m'gulu la zinthu zosafunikira kwenikweni, pamodzi ndi ndalama ya mafilimu a pa intaneti. Sanalankhule mwachipongwe, fomu yake ilibe malo a mayi wa ku Dedza basi. Koma ndinatseka foniyo manja akunjenjemera. Mafilimuwo ndinasiya tsiku lomwelo. Amayi sindinawauze kanthu, ndipo ndalama yawo ikupitabe.

Anandivomera £10 pa sabata kwa miyezi isanu ndi umodzi, bola ndilembetse pa mndandanda wofuna nyumba yocheperako. Sindikudandaula nayo, yandipumitsa. Chondinyansa ndi kalata yake: masamba anayi, ndipo chiwerengero chenichenicho chili pa tsamba lachitatu.

Panalinso Household Support Fund, imene boma linayamba kupatsa makhonsolo mu October 2021 kuti azithandiza pa chakudya, gasi ndi magetsi. Nayonso khonsolo iliyonse inkagawa mwa njira yake. Kwathu ankatsegula fomu pa intaneti, ndalama zikatha ankatseka. Ulendo woyamba ndinapeza atatseka kale. Wachiwiri mlangizi uja anandiuziratu tsiku, ndinalemba ndili pa nthawi yopuma ku ntchito, ndipo vocha ya £100 yogulira chakudya inabwera pa imelo. Kusitolo makina anaikana kawiri, mtsikana wa pa till anaitana womuyang'anira mokweza, mzere wonse ukundiyang'ana. Kachitatu inalowa.

Abale athu amene munabwera ndi visa ya ntchito ya care, onani kaye zolembedwa pa chilolezo chanu. Ngati akuti simuloledwa kulandira public funds, kapena kuti thandizo la ndalama za boma, Universal Credit ndi thandizo la council tax zili m'gulu limenelo, ndipo kuzifunsira kungakuonongereni mapepala. Ine ndili ndi chilolezo chokhala mpaka kalekale, n'chifukwa chake zonsezi zinatheka. Pitani ku Citizens Advice, bungwe lopereka malangizo, kaye musanalembe fomu iliyonse, salipiritsa.

Foni ya khonsolo musaidalire ngati muli ndi pothamangira. Tsiku lina ndinadikira mphindi 52 ndikumvera kanyimbo kamodzimodzi, ndipo atayankha anandipatsa nambala ina.

Pa mndandanda wa nyumba ndinalembetsa monga ananenera. Sabata iliyonse ndimalowa pa intaneti kuona nyumba za zipinda ziwiri zimene zatuluka. Zimakhala ziwiri kapena zitatu, ndipo pamene ndinayandikirapo kwambiri ndinali wa nambala 38. £10 ija ikutha mwezi wamawa, ndiye Lachinayi likubwerali ndikaonekeranso ku laibulale ndi jumbo langa. Chipinda chotsalacho mwana wanga anakokeramo tebulo lake, ndi mmene akuwerengera mayeso a GCSE, ndipo mchimwene wake akabwera kumapeto a mwezi amagona momwemo pa matiresi.