Jeep Cherokee yanga ataikuza injini kufika malita 4.6

Amakaniko a pagalaja ina anatsegula injini ya malita 4.0 ya Cherokee yanga ya 1996 n'kuikamo crankshaft (chitsulo chomwe mapisitoni amazungulitsa) ya injini yakale ya malita 4.2 ya kampani ya AMC, yomwe imayendetsa mapisitoni mtunda wotalikirapo. Atakulitsanso masilinda pang'ono, yafika malita 4.6. Ntchito yawo ndi yaukhondo, oilo sakudontha ngakhale dontho.

Mphamvu zake zimabwera injini isanalire kwambiri n'komwe. Pachitunda cha miyala pomwe kale ndinkaponda moto mpaka matayala kuterereka, pano imangokwera pang'onopang'ono osavutika.

Chondinyansa n'chakuti pokambirana mtengo sanandiuze kuti ma injector (zipangizo zopopera petulo mu injini) akale achepa, ndiye ndinatulutsanso ndalama zogulira akuluakulu. Komanso masana kukatentha, ndikaithira petulo wa octane yotsika (wosachedwa kuphulika akapanikizidwa) imagogoda ngati makobidi m'chitini.