Mankhwala a ma phage opopera nyama ya nkhuku: ndawapatsa nyenyezi zitatu mwa zisanu

Lachisanu lililonse ndimapha nkhuku zoyera 60 kuno ku Kasungu, n'kukapereka zososolasosola m'malesitilanti awiri a paboma ndi pa loji ina ya m'mbali mwa msewu wa M1. Botolo la mankhwalawa anandibweretsera ndi mwana wa achemwali anga amene anaphunzira za ziweto ku Bunda, ndipo ndatha nalo miyezi itatu.

Dzina loti mankhwala n'longotchula. M'botolomo muli mavairasi otchedwa bacteriophage, mwachidule ma phage. Atandiuza ndinadumpha: vairasi pa ndiwo za anthu? Iye anangoseka. "Amayi aang'ono, awa sadziwa munthu, sadziwa nkhuku. Awo ndi Salmonella basi." Salmonella ndi kachilombo kotsegula m'mimba kamene kamapezeka pa nyama ya nkhuku. Akuti mavairasiwa amakakamira pa kachilomboko, kulowa m'kati, kuswana momwemo mpaka kaphulike. Si zatsopanonso ayi. Wasayansi wina, Félix d'Hérelle, anawayesa pa nkhuku zodwala ku France mu 1919, ndipo ku America anavomereza kupopera ma phage pa nyama mu 2006.

Chimene chinandikopa ndi ichi. Ife oweta tili ndi chizolowezi choipa: kamwanapiye kakangowodzera, mankhwala opha tizilombo a oxytetracycline m'madzi, osafunsa n'komwe alangizi. Tizilombo tazolowera, ndiye munthu akatsegula m'mimba chifukwa cha nyama yotere, mankhwala a kuchipatala amavutika kugwira. Phage alibe nazo kanthu zoti kachilombo kanazolowera makapisozi, amakapha ndithu.

Kagwiritsidwe kake n'kosavuta. Ndikatha kutumbula ndi kutsuka, ndimasungunula m'madzi n'kupopera m'kati mwa nkhuku, kunsi kwa mapiko ndi pa chikopa cha pakhosi. Fungo palibe, mtundu susintha, ophika ku loji sanazindikire chilichonse. Sabata yoyamba ndinalakwitsa ndekha posungunulira m'madzi a pampopi. Kolorini wa m'madziwo amapha ma phage, ndiye ndinkangopopera madzi. Pano ndimatunga a pamjigo, kuwiritsa, kudikira azizire.

Chandichotsera nyenyezi ziwiri ndi firiji. Botololi silifuna kutentha, pamene kuno mu Okutobala dzuwa lake mukulidziwa, magetsi nawo akathima mamawa amabwera usiku. Tsiku lina ndinapezeka ndikugogoda kwa neba wogulitsa mafirizesi cha m'ma 9 koloko usiku, botolo nditalikulunga mu chitenje chonyowa ngati khanda, kupempha kuti ligone m'kula bokosi mwake pakati pa madzi oundana. Mpaka lero amandifunsa kuti mwana uja ali bwanji.

China n'chakuti ntchito yake siioneka ndi maso. Nkhuku yopopera ndi yosapopera zimangofanana. Ndinachita kutumiza zidutswa ku labu ku Lilongwe, ndipo zopopera zinapezeka ndi tizilombo tochepa kusiyana ndi zinazo. Tochepa, osati tatheratu. Campylobacter, kachilombo kena kamene kamakondanso nyama ya nkhuku, botololi silikakhudza, ndipo amene akuganiza za chitopa aiwale, chimenecho ndi cha katemera. Mpeni, thebulo ndi manja ndimatsukabe monga kale, nyama nayo iyenera kupsa mpaka pafupa.

Kwa wogulitsa nkhuku zamoyo pamsika kapena wokazinga zipalapasiro pachiwaya, ndalama imeneyi ingowonongeka. Ine botolo lachiwiri ndidzaitanitsa ndikamaliza kulipira firiji ya sola.