Counter-Strike 2: ndemanga yanga pa nkhani ya mphamvu za mfuti

Ndakhala ndikusewera Counter-Strike 2 pa kompyuta kwa nthawi yoposa chaka tsopano, kawirikawiri madzulo ndikaweruka kuntchito, ndipo chandichititsa kulemba ndemangayi ndi mkangano umene sutha m'kagulu kathu ka anthu asanu, wakuti kodi mfuti za m'masewerawa zinagawiridwa mphamvu mwachilungamo kapena ayi. Masewerawa anatulutsidwa ndi kampani ya Valve mu Seputembala 2023 kulowa m'malo mwa Counter-Strike: Global Offensive ya 2012, ndipo amapezeka kwaulere pa Steam, sitolo ya masewera ya pa intaneti. Magulu awiri a anthu asanuasanu amalimbana, lina la zigawenga zofuna kutchera bomba, lina la asilikali oteteza malo, ndipo gulu limene layamba kupambana maraundi 13 ndilo latenga chigonjetso.

M'masabata oyambirira ndinali m'gulu la odandaula, ndipo ndinkadandaula mokweza. Chimene chinkandipweteka kwambiri ndi kusiyana kwa AK-47, imene imagulidwa ndi zigawenga zokha pa madola 2,700 a m'masewera, ndi M4 ya asilikali, imene ili yokwera mtengo kuposa pamenepo. Munthu aliyense amayamba raundi ndi moyo 100. Chipolopolo chimodzi cha AK-47 chikafika pamutu, ngakhale mutavala chisoti, nkhani yatha pomwepo, pamene cha M4 chimachotsa moyo wopitirira pang'ono 90 n'kumusiya mdaniyo ali chiimire. Ndikukumbukira tsiku lina pa Inferno, amodzi mwa mapu (mabwalo omenyeranapo) a m'masewerawa, m'kanjira kopapatiza kamene osewera amakatcha banana, ndinaombera munthu pamutu ndi M4, chisoti chake n'kulira ngati mbale yachitsulo yagwa pasimenti, koma iye anangotembenuka n'kundigwetsa ndi chipolopolo chimodzi. Ndinavula mahedifoni n'kuyamba kufotokozera anzangawo kuti mfuti yokwera mtengo siyenera kugonja kwa yotsika mtengo. Ngakhale lero, raundi ikatha, msilikali aliyense wodziwa masewerawa amathamangira kutaya M4 yake kuti atole AK-47 ya mdani amene wagwa, zimene zikusonyeza kuti palibe amene amakayika kuti yoposa inzake ndi iti.

Maganizo anga anasintha pang'onopang'ono, nditazindikira kuti ndinkayeza mfuti ziwiri ngati kuti eni ake ali pamalo ofanana, pamene sali choncho. Msilikali amafika msanga pamalo otetezedwa, amasankha ngodya yabwino, n'kudikira. Chigawenga ndicho chiyenera kutulukira poyera, nthawi ikuchithera, chifukwa raundi ili ndi mphindi imodzi ndi masekondi 55 basi kuti bomba likhale litatcheredwa. Mfuti zikanakhala zofanana ndendende, wodikirayo akanamapambana pafupifupi nthawi zonse. Choncho mphamvu ya AK-47 ndi malipiro a amene akuyenda chamaso kulowa pangozi, ndipo popeza magulu amasinthana mbali pakatha maraundi 12, aliyense amalawa kukoma kwake ndi kuwawa kwake m'masewera omwewo.

Pa AWP m'pamene kagulu kathu kanagawikana zenizeni, ndipo mpaka pano sitinamvane. Imeneyi ndi mfuti yoombera patali, yokhala ndi galasi loyandikitsa, imene imapha ndi chipolopolo chimodzi paliponse kuyambira m'chiuno kupita kumutu. Yekhayo amene waomberedwa mwendo ndiye amapulumuka. Mlamu wanga, amene ndimasewera naye kawirikawiri, amati imeneyi ndi mfuti ya anthu aulesi, chifukwa munthu amangokhala pawindo la pa mapu a Mirage kuyang'ana pakati pa mapuwo, n'kumadikira kuti wina aonetse phewa. Mnzathu wina, yemwe ndiye amaigwira m'gulu lathu, amayankha kuti amene amalankhula choncho sanaigulepo ndi ndalama zake. Mtengo wake ndi madola 4,750, ndipo ukaphera nayo munthu umangolandira madola 100, pamene mfuti wamba imakupatsa 300. Ukaphonya, kamphindi kokokera chipolopolo china n'kokwanira kuti akufikire. Ukafa nayo, gulu lonse lasauka, ndipo choipitsitsa n'chakuti adani aitola n'kuyamba kukusakani nayo. Ine ndili pakati, koma ndapendekera kwa mnzathuyo, chifukwa ndaona kuti bomba la utsi la madola 300 likaponyedwa bwino pawindo lija, mfuti yodulayo imasanduka ndodo chabe. Kumene mlamu wanga akunena zoona n'kwakuti pakati pa osewera ongoyamba kumene, amene sadziwa kuponya utsi kapena bomba lothobwa m'maso, AWP imalamuliradi mopitirira muyeso, ndipo munthu watsopano angathe kugwa ulesi asanaphunzire mankhwala ake.

Chimene ndimayamikira kwambiri m'masewerawa ndi mmene ndalama zimamangira zonse pamodzi. Aliyense amayamba ndi madola 800, okwanira kabasitole kabwinoko kapena chovala choteteza pachifuwa, ndipo kuyambira pamenepo chilichonse chimene wagula chimakhudza raundi yotsatira. Gulu likaluza motsatizana, ndalama yolipepesa imakwera mpaka kufika pa 3,400, kuti lisafe ndi umphawi. Mfuti zing'onozing'ono monga MP9 ndi MAC-10 n'zofooka patali, koma zambiri mwa izo zimapereka madola 600 pa munthu aliyense amene waphedwa, ndiye zili ndi nthawi yake yoyenera. Pali maraundi amene timagwirizana kusagula kanthu, amene osewera amati eco, ndipo timalowa ndi mabasitole okha tikudziwa kuti mwina tifa, cholinga chili choti raundi inayo tigule mokwanira tonse asanu. Munthu amene amaweruza mfuti poyang'ana mphamvu yake yokha, osaona mtengo ndi zimene imabweza, ndiye amene amafulumira kunena kuti masewerawa ndi okondera.

Sikuti opanga masewerawa amalondola nthawi zonse poyamba, ndipo mbiri yake ndi yodziwika kwa onse. Mu Disembala 2015 anabweretsa basitole ya R8 Revolver imene inali yamphamvu kwambiri moti anaichepetsa patangopita masiku ochepa. Mu 2018 anatsitsa mtengo wa mfuti za SG 553 ndi AUG, ndipo akatswiri atazindikira ubwino wa mfuti ziwirizi, zimene zinali zitakhala m'masewerawa kwa zaka zambiri anthu akuzinyoza, aliyense anayamba kuzigula, mpaka mitengo inabwezedwa mu 2019 ndipo SG 553 inachepetsedwanso liwiro mu 2020. Nkhani imeneyi imandisangalatsa chifukwa mfutizo zinali zamphamvu kuyambira kale, chimene chinasintha ndi maso a anthu. Mu 2022 zipolopolo za M4A1-S, mtundu wa M4 wosamveka phokoso, zinatsitsidwa kuchoka pa 25 kufika pa 20, ndipo za AWP kuchoka pa 10 kufika pa 5. Mu Januwale 2025 mtengo wa M4A4, mtundu wina wa M4, unatsitsidwa kufika pa 2,900. Kusintha kulikonse kotere kumabwera ndi phokoso, ena kulira kuti mfuti yawo yalandira nerf, kutanthauza kuti yachepetsedwa mphamvu, ena kunena kuti zachedwa, koma ine ndimaona kuti kusintha pang'ono komanso mwa apo ndi apo n'kwabwino kuposa kugwedeza zonse mwezi uliwonse, chifukwa dzanja limafuna nthawi kuti lizolowere mmene mfuti imakankhira.

Pali chinthu china chimene sichitchulidwa kawirikawiri pa mikangano imeneyi, koma ife osewera tili ku Malawi timachidziwa bwino. Seva (kompyuta imene imalumikiza osewera) yapafupi ndi ife ili ku Johannesburg, ndipo mnzathu amene amakhala kumeneko amaona zinthu kamphindi kakang'ono ife tisanazione. Intaneti ikayamba kuvuta madzulo, ping (nthawi imene uthenga umatenga kupita ku seva n'kubwerako) n'kukwera, kudikira pangodya ndi AWP kumakhala kutaya ndalama, chifukwa mdani amatulukira n'kuombera iwe usanamuone n'komwe, pamene mfuti yothira zipolopolo zambiri uli paliwiro imaoneka ngati yamatsenga. Ndazindikira kuti nthawi zambiri tikamakangana za mfuti, mnzathu wa ku Johannesburg uja akunena zimene amaona pa intaneti yake, ife tikunena za pa yathu, ndipo tonse tikunena zoona.

Chodandaula chimene ndatsala nacho n'chakuti mfuti zingapo zilipo dzina lokha. M249 ya madola 5,200 sindinaonepo munthu akuigula ali ndi cholinga chopambana, ndipo PP-Bizon imangokanda munthu wovala zodzitetezera. Popeza masewerawa amalola kusankhiratu mfuti 15 zokha zoti uzitha kugula, zoterezi zimangosiyidwa panja, ndipo masewera ambiri amathera pa AK-47, M4, AWP ndi basitole ya Desert Eagle. Amene amakonda kusinthasintha zida tsiku lililonse adzatopa nazo msanga.

Pa Steam ndaika chala cham'mwamba, ndipo ndingawalimbikitse masewerawa kwa munthu woleza mtima, amene ali ndi anzake oti azilankhulana nawo komanso intaneti yokhazikika, makamaka ya waya. Wongoyamba kumene ndingamulangize kuti mwezi woyamba aphunzire kugwetsa dzanja pamene AK-47 ikukwera m'mwamba, ndiponso malo awiri kapena atatu oponyera utsi pa mapu amodzi, asanayambe kuweruza mfuti iliyonse. Mlamu wanga sanasinthebe maganizo ake pa AWP, ngakhale kuti sabata yatha anaitola pansi pa mapu a Dust II n'kukana kuipereka kwa mnzathu amene amaigwira uja mpaka masewera anatha.