Chipolopolo cha .300 WSM: champhamvu, koma cholowa mwamakani

Ndimagwira ntchito pa famu ya alenje ku Limpopo, ku South Africa, ndipo mfuti za alendo zimadutsa m'manja mwanga zisanapite kutchire. Za zipolopolo za .300 WSM (Winchester Short Magnum) zimabwera kawirikawiri ndi alendo a ku America. Pa kamenyedwe ndilibe nazo mawu: ngoma kapena nyumbu ikalandira pamalo oyenera chipolopolo cha 180 grain (grain ndi muyeso wa kulemera kwa chipolopolo), chothamanga pafupifupi mamita 900 pa sekondi, sipita patali. Nkhawa yanga ili pa chipolopolo chachiwiri, chija chimafunika msangamsanga nyama ikavulala n'kuliyatsa liwiro.

Kampani ya Winchester idatulutsa .300 WSM mu 2001, kenako .270 WSM ndi 7mm WSM. Ankafuna mphamvu yonga ya .300 Winchester Magnum ya 1963, koma mu mfuti yaifupi ndi yopepuka. Ndiye chigoba, chija chimasunga wonga, adachifupikitsa kufika mamilimita 53, n'kuchinenepetsa kuti wonga ukwanemo. Vuto lidabadwira pomwepo. Chigobacho ndi choongoka m'mbali, phewa lake, pamene chimachepera kutsogolo, n'lotsetsereka madigiri 35, ndipo mkombero wa kumbuyo, umene bolt (chitsulo chokankhira chipolopolo mu mpope) imakankha, ndi wocheperako kuposa thupi lake. Chipolopolo chotere chimayenera kutuluka m'magazini, kukhota n'kulunjika pakamwa pa mpope mu kamtunda kochepa kwambiri. Zili ngati kulowetsa thumba la chimanga pa zenera.

Ndidaziona bwino pa mfuti ina imene zipolopolo zimagona m'magazini mizere iwiri. Ukakankha bolt pang'onopang'ono, choyamba chinkalowa mokhuluza, chachiwiri phewa linkagunda m'mphepete mwa mpope n'kuima chopendekera. Chomaliza ndiye chinkakwiyitsa: bolt inkangodutsa pamwamba pake, ukatseka m'kati mulibe kanthu. Mwini wake ankati fumbi lathu ndi limene lalakwa. Ndidaipukuta yonse, koma sizidasinthe. Zidatheka wokonza mfuti atasalaza timilomo ta magazini ndi kusintha sipuling'i.

Si zonse zili choncho. Mfuti zimene magazini yake imaika zipolopolo mzere umodzi, monga Tikka T3, ndazipeza zikulowetsa bwinobwino, chifukwa chipolopolo chimakhala chitayang'ana kale pakamwa pa mpope. Kungoti muiwale zonyamula zambiri. Mfuti zambiri za WSM magazini imatenga zitatu basi.

Palinso za odzipakirira okha wonga m'zigoba zakale. Chigoba choongoka chotere chikafufuma pang'ono, bolt imatseka movutikira, mpaka munthu kuchita kuimenya ndi chikhatho. Amene amabwera ndi zotere ndimawapempha kuti tiyese chilichonse mu mfuti tili pamalo oyesera, mpope utaloza kumchenga, asanakwere galimoto. Ena amanyinyirika, koma amatero ndithu. Ndipo bolt ya WSM musamainyengerere: kokani mpaka kumapeto, kankhani mwamphamvu.

Ndikaigwira .375 H&H ya 1912, chigoba chake chachitali chosongokera kutsogolo chimangotsetsereka chokha, ngakhale .30-06 imatero. N'chifukwa chake pa nyama yoopsa sindingadalire chipolopolo chachifupi chonenepa. Pa nswala, njiri ndi ngoma, .300 WSM ndimailola, bola mfutiyo ndaiyesa ndekha magazini itadzaza mpaka chomaliza. Amene mukufuna kugula, yambani mwafunsa ngati sitolo ya kwanuko imakhala nazo zipolopolozi, chifukwa kuno .308 ndi .30-06 zimapezeka paliponse, pamene WSM nthawi zina umachita kuitanitsa n'kudikira.