Kabuku ka ma crossword a Chichewa, ndakapatsa nyenyezi 4

Ndinagula kabuku aka mwezi watha pa Kasungu boma kwa mnyamata wina woyala mabuku akale pafupi ndi depoti, ndimafuna buku la mwana wanga wa fomu 2 koma maso anagwera pa aka basi. Ndi ka ma crossword, aja a timabokosi olembamo chilembo chimodzichimodzi chopingasa ndi chotsika, koma onse m'Chichewa ndipo mafunso ake ndi a mabuku ndi kuwerenga okhaokha.

Amene anakalemba mutu umagwira, ndisaname. Funso loyamba: "Buku lili nayo yambiri, iwe uli nawo umodzi", mabokosi 4. MUTU! Lina: "Lili pamtengo, lilinso m'buku", TSAMBA, limeneli mwana anandiyambirira kupeza mpaka pano akundiseka. Koma limene linandigoneka mochedwa ndi ili: "Mlimi amaimaliza thukuta lili kamukamu, abusa amaitchula ataimirira pagome." Masiku awiri ndithu ndikulizunguza, ndinalitulukira ndili m'munda ku Chamama ndikuona aganyu akugawana NDIME, ndinaseka ndekha anthu nkumandiyang'ana ngati zandizungulira. Zili ngati ndagi zomwe agogo ankatiponyera madzulo pamoto, kusiyana kwake apa palibe woti umupatse ng'ombe ukalephera.

Tsopano zodandaula. Pepala lake ndi lopyapyala zedi, ukalemba ndi bolopeni inki imaonekera kuseri nkuwononga crossword ya tsamba linalo, gwiritsani pensulo anzanga. Chachiwiri ndi nkhani ya ng'. Pena kachizindikiro kaja akapatsa bokosi lakelake pena ayi, ndiye mawu ngati ng'oma sudziwa uwerengere 5 kapena 6, akanangolemba lamulo limodzi koyambirira zikanatha. Palinso funso lakuti "Analemba Nthondo mu 1933", ine ndinathamangira NTHARA monga tinkalembera kusukulu koma mabokosi ndi 5, kumeneko amafuna NTARA kalembedwe kenako. Zonse ndi zoona inde koma akanatichenjezako, ndinafufuta mpaka pepala kubooka.

Mayankho ali kumapeto koma anga a nambala 17 ndi 18 anasindikizidwa mozimiririka sakuwerengeka nkomwe. Ndinabwerera kwa wogulitsa uja akuti "bwana onse ali choncho", tinayang'ana tina titatu nzoonadi.

Magetsi akathima ife timayatsa tochi ya foni nkukhala pamkeka, mayi a kunyumba amene ankati izi nzotayitsa nthawi pano ndi amene amabisa pensulo kuti ndisawapitirire. Tatsala ndi zinayi. Nambala 18 pali funso la mabokosi 9, "mphunzitsi amachita ndi buku, wa golosale amachita ndi ndalama", ine ndalemba KUWERENGA koma iwo akukana akuti likusemphana ndi lotsika, ndipo poonera palibe.